ZA PAKHOMO: Makina a Blu-ray Asanagulidwe, Zimbale Zace Ziri Kuti?

Mwezi wa August ndiwo mwezi wa ndalama m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi. Pofika nthawi imeneyi nshawa zimakhala zitagulitsidwa, mpendadzuwa, soya ndi thonje zitakwera pa sikelo, ndipo amene anapereka cimanga ku Food Reserve Agency amakhala ali kuchera khutu kuti amve za malipiro ao. Kumapeto kwa mwezi womwewo miseu yonse imaloza ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba, ndipo amalonda, podziwa kuti m'matumba mwa anthu muli kanthu, amayala katundu wao yense poyera. Pakati pa zitenje, mapoto, malata ndi matayala a njinga, masiku ano pamapezekanso mabokosi a TV, masipika ndi makina oonetsera zimbale, amene ambiri amangowachula kuti deki.

Kufuna kanema pakhomo si cinthu cocititsa manyazi, ndiponso sikunayambe lero. Akulu-akulu akali kukumbukira galimoto ya baisikopo imene inali kufika pa bwalo la sukulu dzuwa liri kupendeka, nsaru yoyera nimangidwa pa mitengo iwiri, injini niyamba kugunda. Kucokera mu 1948 kufikira mu 1963 zithunzi zambiri za mtundu umenewo zinali kujambulidwa ndi Central African Film Unit, ndipo ufulu utabwera nchito yoyendetsa baisikopo m'midzi inapitirira m'manja mwa Zambia Information Services. Wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe mu 1961, koma panapita zaka zambiri isanafike m'midzi ya kum'mawa kuno. Pambuyo pace kunabwera makaseti a vidiyo, kenaka zimbale za VCD ndi DVD m'tinyumba toonetseramo kanema pa misika. Tsopano, cifukwa ca sola, banja limene liri kutali ndi mapolo a ZESCO lingathe kukhala ndi baisikopo yace-yace m'nyumba.

Dzina limene limakopa ogula ndi la Blu-ray. Mwana wa ku Lusaka kapena ku Johannesburg amaliyamikira pa foni, wogulitsa amalichula mokweza, ndipo pa zikuto za zimbale za pa msika lalembedwa ndi zilembo zazikulu. Ndalama imene ingapite pa makina otere ndi yomweyo imene iyenera kugula feteleza mu October ndi kulipirira ana zofunika ku sukulu mu January. Cotero mwini nyumba ayenera kudziwa bwino cimene ali kugula, ndipo koposa zonse ayenera kudziwa kuti makinawo sabwera ndi cithunzi cao. Cithunzi ciri m'cimbale.

KUSIYANA KWACE NDI DVD

Cimbale ca Blu-ray ndi ca DVD n'zolingana kukula. Zonse ziwiri ndi za masentimita 12 m'mimba mwace. Kusiyana kuli m'kalembedwe. Pa cimbale pali timaenje tosaoneka ndi maso, tondandalikidwa mozungulira ngati mizere ya m'munda, ndipo makina amawerenga timaenjeto ndi kuwala koonda kochedwa laser. Kuwala kwa makina a DVD n'kofiira. Kwa Blu-ray n'kobiriwira ngati thambo, ndipo m'pamene panacokera dzinalo. Popeza kuwala kumeneku n'koonda koposa, timaenje timacepa ndipo mizere imayandikana, monga mlimi amene wapanikiza mizere kuti mbeu zicuruke m'munda womwewo. Motero cimbale wamba ca DVD cimasunga 4.7 GB, pamene ca Blu-ray cimasunga 25 GB, ndipo ca magawo awiri cimafika 50 GB. Zimbale zimenezi zinayamba kugulitsidwa mu 2006.

Malo ocurukawo ndiwo amalola cithunzi kukhala cosalala. Cithunzi ca pa TV cimapangidwa ndi timadontho, monga mkeka umapangidwa ndi timizere ta mlaza. Ca VCD ciri ndi timadontho 352 m'litali ndi 288 m'msinkhu. Ca DVD ciri ndi 720 ndi 576, kutanthauza timadontho 414,720. Ca Blu-ray ciri ndi 1,920 ndi 1,080, ndiwo timadontho 2,073,600, kasanu kuposa DVD. Mu 2016 kunabweranso mtundu wina wochedwa Ultra HD Blu-ray, kapena 4K, umene timadontho tace tipitirira 8 miliyoni, koma umenewo umafuna makina ace ndi TV yace.

Makina a Blu-ray amawerenganso zimbale za DVD ndi za nyimbo za CD. Apa m'pamene ogula ambiri amasokonezeka. Cimbale ca DVD cikalowa m'makina a Blu-ray cimakhalabe DVD. Makinawo amangotambasula timadontho tocepa tija kuti tidzaze TV yaikuru, ndipo ngakhale amacita zimenezi mwaluso, sangabwezeretse nkhope ya mkwatibwi imene wojambula anaijambula mwacimbuuzi. Thumba la cimanga ca mphale silisanduka ufa woyera cifukwa cakuti lanyamulidwa pa galimoto yatsopano.

ZIMBALE ZENI-ZENI N'ZOSOWA

Funso loyamba tsono ndi ili: zimbale za Blu-ray zidzacokera kuti? Munthu angayende msika wa Katete, nafika pa Sinda, nabwerera mpaka ku Chipata, osaona cimbale ceni-ceni ca mtundu umenewu. Mafilimu amene anthu a m'midzi amawakonda, a ku Nigeria, a nkhonya a ku China, masewero a ku Malawi ndi a kuno kwathu ku Zambia, ndi nyimbo za makwaya a m'machalichi, zinafika kwa anthu pa VCD ndi DVD, ndipo tsopano zimayenda pa fulashi ndi pa memori kadi ya m'foni. Zimbale za Blu-ray zimacuruka ku maiko a kunja, ndipo zambiri ziri m'Cingerezi copanda womasulira. Kwa banja la ku Vubwi, kumene ngakhale ulendo wa ku Chipata umadya tsiku, makina odikira cimbale coitanitsa kunja amangokhala cokongoletsera pa kabati.

Ziripo ndithu zimbale za pa msika zolembedwa kuti Blu-ray, zina zokhala ndi mafilimu 8, 12 kapena 20 pa cimbale cimodzi. Zimenezo ndi DVD wamba zovala jekete la eni. Pofuna kuti mafilimu onsewo akwane m'malo oyenera filimu imodzi, okopera amawafinya kwambiri, kotero kuti cithunzi cimaturuka ca mabokosi-mabokosi, nthawi zina coipa kuposa ca VCD. Njira yozindikirira njapafupi ndipo siifuna sukulu. Cimbaleco cilowetsedwe m'deki wamba ya DVD ya mnansi. Cikaonetsa cithunzi, si Blu-ray ai, pakuti kuwala kofiira sikungawerenge timaenje ta Blu-ray.

Palinso msampha wina umene ogulitsa sauchula. Makina a Blu-ray opangidwa kuyambira 2012 ali ndi mlonda m'kati mwao wochedwa Cinavia. Eni mafilimu ena amabisa cizindikiro m'mau a filimu, ndipo makina akacimva pa cimbale cokopera, amatseka mau patapita mphindi ngati 20 nalemba uthenga pa TV. Deki wamba ya DVD siicita zimenezi. Motero munthu angalipire ndalama zambiri n'kugula makina okana zimbale zimene makina ochipa anali kuonetsa popanda cobvuta. Tsono kukopera ndi kugulitsa nchito ya eni popanda cilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994, ndipo mu 2013 Boma linayambitsa kacizindikiro konyezimira ka hologram pa zimbale zololedwa. Woimba wa kwaya amene anagulitsa mbuzi kuti akajambulitse nyimbo sapezapo ngwee pa cimbale cokopera.

Sikuti palibiretu ca kwathu pa Blu-ray. Filimu ya I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, mai wobadwira ku Lusaka, inajambulidwa m'Zambia muno ndipo muli Cinyanja pamodzi ndi zinenero zina za dziko lino. Inaturuka mu 2017, inapata mphotho ya BAFTA mu 2018, ndipo ku Britain inagulitsidwa pa cimbale ca Blu-ray. Koma filimu imodzi siikwanira dzinja lonse.

Bokosi la makina nalonso liyenera kuwerengedwa mosamala. Makina ambiri ochipa alembedwa kuti HD, Full HD, EVD kapena HD DVD, koma m'kati mwace ndi DVD wamba yokhala ndi bowo la nthambo ya HDMI. Dzina lakuti HD DVD linali la mtundu wina wa zimbale wa kampani ya Toshiba, umene unalimbana ndi Blu-ray ya Sony ndi anzace kuyambira 2006. Mu January 2008 kampani ya mafilimu ya Warner Bros. inasankha Blu-ray, ndipo mu February caka comweco Toshiba inalengeza kuti yaleka. Amene anagula makina a HD DVD anatsala ndi cinthu copanda zimbale zatsopano, monga momwe anacitira kale ogula makaseti a Betamax pamene VHS inapambana. Makina eni-eni a Blu-ray amakhala ndi cizindikiro colembedwa Blu-ray Disc kutsogolo kwao, ndipo m'buku lace amachula zimbale za BD.

Blu-ray nayonso dzuwa lace liri kupendeka. Anthu a m'maiko olemera anasamukira ku mafilimu a pa intaneti, ndipo opanga makina anayamba kucoka mmodzi-mmodzi: Oppo inaleka mu 2018, Samsung mu 2019, ndipo LG inatsatira kumapeto kwa 2024. Mu 2025 Sony inaleka kupanga zimbale za Blu-ray zopanda kanthu zojambulirapo. Kwa munthu wa ku Kagoro kapena ku Nyanje tanthauzo lace n'lakuti makina ambiri amene angamufike ndi ogwiritsidwapo kale nchito, ndiponso kuti diso la makinawo likafa, mmisiri wa pa msika adzabvutika kupeza lina. Diso la DVD wamba limapezeka mosabvuta, ngakhale pocotsa m'makina ena akufa.

TV, NTHAMBO NDI MASIPIKA

Amene zimbale ali nazo ayang'ane kumbuyo kwa TV yace. Pa makina atsopano cithunzi ca Blu-ray cimayenda pa nthambo ya HDMI yokha. Makina ambiri opangidwa cipitire caka ca 2013 alibenso mabowo atatu aja, lacikasu, loyera ndi lofiira, cifukwa eni mafilimu anapangana ndi opanga makina kuti mabowo akale a cithunzi acotsedwe. TV yakale ya cimsana, imene ikali kugwira nchito m'makomo ambiri, siingalumikizidwe konse ndi makina otere popanda kabokosi kena kosinthira, ndipo kabokosiko kamabwezera cithunzi ku msinkhu wakale. Nthambo ya HDMI yokha siifunika kukhala yodula. Ya mita imodzi kapena iwiri ya mtengo wamba imanyamula cithunzi cofanana ndi yopakidwa golide.

Kukula kwa TV ndi pokhala anthu zimalamulanso. TV zambiri za mainchi 32 zolembedwa HD Ready ziri ndi timadontho 1,366 ndi 768 cabe, ndiye kuti theka la ubwino wa Blu-ray limatayika lisanafike m'maso. Ngakhale pa TV ya mainchi 32 ya timadontho tokwanira, diso la munthu limaona ubwino wonse pokha-pokha ali pafupi, mita imodzi ndi theka kapena kucepera. Wokhala patali mamita atatu kapena anai saona kusiyana kweni-kweni pakati pa Blu-ray ndi DVD yojambulidwa bwino. M'nyumba za m'midzi ana ndiwo amakhala pa mphasa kutsogolo, akulu pa mipando ku khoma, ndipo anansi amasuzumira pa khomo. Amene walipira ndalama kawiri-kawiri ndiye amakhala kumbuyo kwa onse.

Mau ndiwo amasintha nyumba kukhala baisikopo koposa cithunzi, ndipo apa Blu-ray iri ndi mphamvu. Makonzedwe ochedwa 5.1 ali ndi masipika asanu ndi limodzi la mau akuya: atatu kutsogolo, la pakati lonyamula zolankhula, awiri m'mbali cakumbuyo kwa oonera. Onse asanu akaunjikidwa pa kabati imodzi, monga zimaonekera m'nyumba zambiri, ndalama ya masipika atatu yapita pacabe. M'cipinda caching'ono ca denga la malata masipika awiri abwino amakwanira. Nambala zazikuru za pa bokosi, monga 5,000W PMPO, n'zokopera ogula. Nambala yoona ndi yolembedwa RMS. Ndipo mwini masipika akumbukire kuti m'mudzi mukagwa maliro, a nyakwawa sayembekezera kumva mfuti za m'filimu ziri kulira kuseri kwa siwa.

MAGETSI

Caka ca 2024 cinaphunzitsa dziko lonse kuti magetsi sali ngati mpweya. Mvula itakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti cilala ndi tsoka la dziko, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo pofika September makomo ambiri olumikizidwa ku ZESCO anali kulandira magetsi maola atatu okha pa tsiku. M'miyezi imeneyo wa sola m'mudzi anali kuonera kanema pamene wa m'tauni anali mu mdima. Koma sola nayo iri ndi malire ace, ndipo malirewo amawerengeka ndi pensulo.

Kumbuyo kwa cipangizo ciri conse kuli kapepala kolembedwa nambala yotsatizana ndi cilembo W. Makina a Blu-ray sadya zambiri. Ambiri ali pakati pa 10W ndi 20W. TV ya mainchi 32 imadya pakati pa 30W ndi 50W. Banja likakhala ndi TV ya 45W, makina a 15W ndi masipika a 20W, zonse pamodzi ndi 80W, ndipo maola atatu a madzulo amadya 240. Batire ya 12V ya 40Ah imasunga 480, koma batire ya asidi siiyenera kutsitsidwa kupitirira theka, apo ai imafa msanga. Theka la 480 ndi 240 yomweyo. Ndiye kuti batire yotero yathera pa kanema yekha, osawerengera mababu, mafoni a banja lonse, ndi gawo limene invata imadya posandutsa 12V kukhala 230V. M'miyezi ya January ndi February, pamene mitambo imaphimba dzuwa masiku otsatizana, mwana wa Giredi 7 angasowe nyale yowerengera cifukwa ca filimu ya dzulo. Masipika akuru-akuru a 5.1 pamodzi ndi cokuzira mau cao amadya koposa zonsezi, ndipo amafuna batire yaikuru ndithu.

A magetsi a ZESCO asamale nthawi imene magetsi ali kubwerera, pakuti m'pamene zipangizo zambiri zimapsa. Magetsi akazima, pulagi izulidwe ku khoma, ndipo ibwezedwe patapita kanthawi atabwera. Kabokosi kochinjiriza kamene ambiri amaika pa firiji kangathandizenso TV ndi deki. Mabingu akayamba mu November, pulagi ndi nthambo ya mlongoti kapena ya dishi zizulidwe zonse, cifukwa mphenzi siifunsa mtengo wa cinthu.

MPHATSO YOCOKERA KUTALI

Makina ambiri a Blu-ray ofika m'midzi sagulidwa kuno. Amabwera m'cikwama ca mwana kapena ca atsibweni ocokera ku nchito. Eni mafilimu anagawa dziko lapansi m'zigawo, ndipo makina a cigawo cimodzi amakana zimbale za cigawo cina. Pa Blu-ray zigawo ziripo zitatu. Africa yense ali m'cigawo B pamodzi ndi Ulaya, Australia ndi maiko a Aluya. America ndi Japan ali m'cigawo A, pamene China ndi India ali m'cigawo C. Makina a ku South Africa kapena ku Britain amagwirizana ndi zimbale za Blu-ray za cigawo cathu. Koma pa DVD magawidwe ndi ena: Zambia, Malawi ndi Mozambique ali m'cigawo 5, South Africa ndi Britain m'cigawo 2, America m'cigawo 1. Makina omwewo a ku Johannesburg angathe kulandira Blu-ray nakana DVD yolembedwa 5. Mwai wace ngwakuti zimbale zojambulitsa pa ukwati kapena ku chalichi kawiri-kawiri sizikhala ndi loko wa cigawo, ndipo madeki ochipa a DVD ambiri amalandira zigawo zonse.

Makina a ku America ndiwo oopsa. Kumeneko magetsi ndi a 120V, kuno ndi a 230V, ndipo cipangizo colembedwa 120V yokha cikalowetsedwa ku khoma cimapsa nthawi yomweyo. Coyenera kuno cimalembedwa 220-240V kapena 100-240V. Ndiponso zithunzi za kuno zimajambulidwa m'njira ya PAL, imene makina ena a ku America amaikana, kotero kuti cimbale ca ukwati cojambulidwa ku Chipata cingakanidwe m'nyumba ya mwini ukwatiyo. Pulagi ya ku South Africa ya mano atatu obulungira siilowa m'soketi ya mano a ngodya. Ifunika adaputa, osati kudula pulagi ndi kulowetsa mawaya ndi mitengo ya macisa.

Wopita kukagula yekha anyamule zinthu zitatu: cimbale cimene banja limacikonda koposa, fulashi yokhala ndi mafilimu a masiku onse, ndi cithunzi ca kumbuyo kwa TV yace cojambula pa foni. Cimbale ca VCD cisaiwalike ngati ciripo, cifukwa makina ambiri a Blu-ray sawerenga VCD, ndipo nyimbo zakale za makwaya zambiri ziri pa mtundu umenewo. Pa sitolo palibe cifukwa cocitira manyazi. Wogulitsa akati, "Atate, amenewa ndi oyamba, ngakhale ku Lusaka ali kugula omwewa," yankho laulemu n'lakuti, "Zikomo bambo, tayambani mwaikamo cimbale cangaci, tione pamodzi." Fulashi iyesedwenso, pakuti si makina onse amene amatsegula mafilimu a mtundu uli wonse. Rimoti ikhalepo, cifukwa makina ambiri atsopano ali ndi mabatani awiri kapena atatu okha, ndipo popanda rimoti ndi ngolo yopanda goli. Lisiti ilembedwe ndi nambala ya makinawo ndi miyezi imene sitolo yalonjeza kukonza kapena kusintha. Wogulitsa wokana kuyesa kapena kulemba wanena kale zonse zofunika kumva.

Zonsezi zikawerengedwa, makina a Blu-ray amayenera nyumba imene iri ndi TV yaikuru ya timadontho 1,080, magetsi okwanira, ndi mbale wodalirika wotumiza zimbale zeni-zeni. Nyumba yotero idzaona cithunzi ndi kumva mau amene fulashi ya pa msika siingafikepo, ndiponso popanda kugula mabando a intaneti kapena kudikira netiweki. Kwa makomo ena onse, deki wamba ya DVD yokhala ndi bowo la HDMI ndi la fulashi imagwira nchito yomweyo pa mtengo wocepa, ndipo TV zambiri zatsopano zimawerenga fulashi pa zokha popanda deki iri yonse. Ndalama yotsalayo ikapita ku batire yaikuru, banja limapindula usiku uli wonse.

FUMBI, MPHEMVU NDI ZIMBALE ZA BANJA

Makina ali onse, a Blu-ray kapena a DVD, adani ao ndi amodzi. Fumbi la September ndi October limakhala pa diso la makina, ndipo cimbale cimayamba kudumpha kapena kukanidwa. Utsi wa nkhuni umamata koposa fumbi. Mphemvu zimakonda kufunda kwa m'kati ndipo zimaononga tinjira ta magetsi. Makina akhale pamwamba, kutali ndi zakudya, ndipo aphimbidwe ndi nsaru pokha-pokha atazimitsidwa. Kaduku koluka kamene amai amakongoletsera nako cipinda kamatseka timabowo ta mpweya makina ali kuyaka. Cimbale cigwiridwe m'mphepete, cipukutidwe ndi nsaru yofewa kucokera pakati kupita kunja, osati mozungulira. Pa Blu-ray zolembedwa ziri pafupi kwambiri ndi khungu la cimbale, gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita, ndipo ngakhale anakutirapo khungu lolimba, kucikwecesa ndi phulusa kapena mankhwala a m'mano monga ena amacitira ndi DVD n'kuciphera.

M'makomo ambiri zimbale za mtengo wapatali si za mafilimu a kunja ai. Ndi zija zojambulitsa: ukwati wa mwana woyamba, tsiku lotulutsa anamwali, kwaya ya amai a Cigwirizano kapena a Katolika pa msonkhano, unveiling ya ciliza, gule wa ku Mkaika m'zaka zimene agogo anali kuyenda okha. M'zimbale zimenezi muli mau ndi nkhope za anthu amene anagona kale. Zimbale zojambulitsa sizifanana ndi za ku fakitale. Zithunzi zace zimalembedwa pa utoto woonda umene umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi cinyezi, ndipo cimbale cingaoneke cosalala koma ciri kufa m'kati. Palibe makina, ngakhale odula motani, amene angawerenge utoto umene wafufutika.

Nchito yoyamba m'nyengo ino ya ndalama, makina atsopano asanaganiziridwe, ndiyo kutenga zimbale zimenezi kupita nazo kwa acinyamata a makompyuta pa msika wa Katete kapena pa Sinda, kuti zikoperedwe pa fulashi zikali kuwerengeka. Makompyuta atsopano ambiri alibenso polowetsa cimbale, cotero ndi bwino kufunsa coyamba ngati ali napo. Mwini cimbale akhale pomwepo mpaka nchito ithe, ndipo aonere cokoperaco kuyambira poyamba, pakati ndi pothera asanalipire. Zokopera zikhale ziwiri, cifukwa fulashi nayo imafa ndiponso imasowa: imodzi pakhomo, ina kwa mlongo wa kumudzi wina kapena kwa mwana wa m'tauni. Pa cikuto palembedwe caka, mudzi ndi maina a anthu ooneka m'cithunzi, akali moyo amene angawazindikire. Cimbale ceni-cenico cibwerere m'cikuto cace, ciikidwe coimirira m'sutikesi muja mokhala makadi a ku sikelo ndi zikalata za ubatizo.